Khoma la Bakiteriya ndi Mankhwala Oligumula

Munthu wa chithupsa chachikulu akapita kuchipatala angapatsidwe mankhwala a masiku ochepa, n'kuchira. Wa chifuwa chachikulu amayamba ndi mankhwala a mitundu inayi, ndipo samaliza mpaka miyezi isanu ndi umodzi itakwana. Wa chimfine kawirikawiri amauzidwa kuti akapume ndi kumwa madzi ambiri, ndipo amabwerako akung'ung'udza kuti adokotala amumana makapisozi. Kusiyana kumeneku sikuchokera pa mtima wa adokotala. Mbali yaikulu kumachokera pa kanthu kamene sitingakaone ndi maso: khoma lozungulira bakiteriya, momwe lidamangidwira, komanso kusowa kwake pa tizilombo tina. Amene tikuphunzira za unamwino, za udokotala kapena za mu labotale tidzakumana ndi khoma limeneli tsiku ndi tsiku. Enafe timakumana nalo nthawi iliyonse tikameza amoxicillin.

Chubu ndi tayala

Bakiteriya ndi selo limodzi lokha. Wodziwika kwambiri m'mabuku, Escherichia coli wa m'matumbo mwathu, ndi wautali pafupifupi magawo awiri mwa magawo 1,000 a milimita. Titawandanditsa mondondozana, mabakiteriya 500 angakwane pa milimita imodzi. M'kati mwa kaselo kameneka muli madzi odzaza ndi mchere, shuga, mapuloteni ndi zina zambiri, ndipo zonsezi zakutidwa ndi nembanemba yopyapyala ya mafuta.

Vuto la bakiteriya likuyambira pomwepa. Madzi amadutsa nembanemba kulowera mbali yomwe kuli mchere ndi shuga wambiri. Timaziona kukhitchini: tikathira mchere pa matimati oduladula, posakhalitsa m'mbale mumadzaza madzi, chifukwa mcherewo wakoka madzi a m'maselo. Kwa bakiteriya wokhala m'chitsime kapena m'dambo zimachitika mosemphana. Zosungunuka zambiri zili m'kati mwake, choncho madzi amakhamukira m'kati, ndipo kaseloko kamafufuma. Mphamvu yokankha kuchokera m'kati imafanana ndi ya mpweya wa m'tayala la galimoto, ndipo mwa mabakiteriya ena imaposa pamenepo kangapo. Nembanemba payokha singapirire.

Aliyense amene adapopapo chubu cha njinga chili kunja kwa tayala akudziwa mathero ake: chimatupa mbali imodzi, kenako phuu! Chikakhala m'tayala chimalimba n'kunyamula munthu ndi thumba la chimanga. Nembanemba ndiye chubu, khoma ndiye tayala. Khomalo ndi lomwenso limapatsa bakiteriya maonekedwe ake, kaya obulungira, kaya ngati kandodo, kaya opindika ngati wa kolera.

Maselo athu alibe khoma lotere. Safunikira, chifukwa amakhala m'madzi a m'thupi omwe mchere wake ndi wolingana ndi wa m'kati mwawo. N'chifukwa chake madzi a diripi amakhala ndi mchere wa magalamu 9 pa lita imodzi. Titalowetsa madzi opanda kanthu mumtsempha, maselo ofiira a magazi angafufume n'kuphulika. Tisunge mfundo imeneyi, pakuti ntchito yonse ya penisilini yagona pamenepa.

Kalukidwe ka khoma

Chomangira chachikulu cha khomali chimatchedwa peptidoglycan, ndipo m'chilengedwe chonse chimapezeka mwa mabakiteriya okha. Zomera zili ndi makoma a cellulose, bowa ndi chuku zili ndi a chitin, koma zimenezo ndi zomangira zina.

Tiganize za mphasa. Woluka amandanditsa bango mondondozana, kenako amalisoka ndi chingwe chopingasa. Bango lopanda chingwe limangobalalika. Mu peptidoglycan, bango ndi maunyolo ataliatali a shuga wa mitundu iwiri yosinthanasinthana: N-acetylglucosamine ndi N-acetylmuramic acid, yomwe m'kalasi timangoitchula kuti NAG ndi NAM. Pa NAM aliyense palendewera kamchira ka ma amino asidi, zomwe ndi timadontho tomangira mapuloteni. Kamchira ka unyolo uno kamalumikizidwa ndi kamchira ka unyolo woyandikana nawo, ndipo kumeneko ndiye kusoka kwake. Mwa E. coli timichirato timagwirana mwachindunji. Mwa Staphylococcus aureus, woyambitsa zithupsa uja, pakati pake pamakhala kamlatho ka ma glycine asanu. Zonse zikalumikizana, khoma lonse limakhala chinthu chimodzi, ngati thumba lolukidwa lopanda msoko. Asayansi akachotsa zam'kati zonse, thumbalo limatsala lili ndi maonekedwe a mwini wake.

Pali kachinthu kena kamene ophunzira timakonda kukadumpha powerenga, chonsecho n'kofunika. Ma amino asidi ambiri ali ndi mitundu iwiri yofanana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, yotchedwa L ndi D. Mapuloteni a m'thupi mwathu amamangidwa ndi mtundu wa L. Khoma la bakiteriya lili ndi ena a mtundu wa D, monga D-alanine ndi D-glutamate. Maenzayimu ambiri ogaya mapuloteni adazolowera dzanja limodzi, ndiye akafika pa khomali amalephera kuligwira. Kamchira katsopano kamathera ndi ma D-alanine awiri otsatizana. Enzayimu yosoka, yotchedwa transpeptidase, imagwira pamenepo, n'kudula D-alanine womaliza, n'kulumikiza wotsalayo ku unyolo wina.

Ndipo kusokaku sikutha. Bakiteriya akamakula ayenera kukulitsa khoma ali momwemo, madzi akukankhabe. Maenzayimu ena amadula malo ochepa, ena amalowetsa zatsopano n'kusoka msangamsanga. Wodula akapitirira, wosoka atachedwa, khoma limang'ambika.

Utoto wa Gram

M'chaka cha 1884, dokotala wa ku Denmark dzina lake Hans Christian Gram, akugwira ntchito ku Berlin, ankafuna njira yoonetsa mabakiteriya m'mapapo a anthu omwalira ndi chibayo. Adapeza kuti mabakiteriya ena amagwira utoto osautaya ngakhale atatsukidwa ndi alikoholo, pomwe ena amasuluka. Iye sankadziwa chifukwa chake. Padapita zaka zambiri anthu asanamvetse kuti yankho lili pa khoma.

Njirayi lero ili ndi masitepe anayi. Timapaka mafinya kapena madzi a m'thupi pa kagalasi, n'kuumitsa. Timathira crystal violet, utoto wa pepo womwe ambiri timaudziwa ndi dzina la GV, uja amapaka pa zilonda za m'kamwa mwa ana. Timathira ayodini, yemwe amagwirana ndi utotowo n'kupanga timibulu tokulirapo m'kati mwa selo. Timatsuka ndi alikoholo kwa masekondi ochepa. Pomaliza timathira utoto wina wofiira, kawirikawiri safranin. Pa maikulosikopu, omwe asunga pepo timawatcha Gram positive, omwe asuluka n'kutenga pinki timawatcha Gram negative.

Mabakiteriya a Gram positive ali ndi peptidoglycan wochindikala, mphasa zambiri zosanjikizana, wokwana mananomita 20 mpaka 80. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Alikoholo amaumitsa khoma lochindikalali, mipata yake imatsekeka, ndipo timibulu ta utoto timatsekeredwa m'kati. M'khomali mwalowanso maunyolo ena otchedwa teichoic acid, omwe amathandiza bakiteriya kugwira mchere wofunikira, kugawikana bwino ndi kumatirira pa minofu. M'gulu limeneli muli Staphylococcus aureus, Streptococcus pneumoniae wa chibayo, ndi Clostridium tetani wa kafumbata.

A Gram negative ali ndi peptidoglycan wopyapyala, wa mananomita ochepa chabe, ndipo kunja kwake kuli nembanemba yachiwiri. Alikoholo amawononga nembanemba yakunjayo, ndipo khoma lopyapyalalo silingasunge utoto. M'gululi muli E. coli, Klebsiella, Salmonella Typhi wa tayifodi, Vibrio cholerae wa kolera, ndi Neisseria gonorrhoeae wa chinzonono.

Sitepe yachitatu ndi yomwe imagwetsa ambiri pa mayeso a mu labotale. Tikachedwetsa alikoholo, ngakhale a Gram positive amasuluka. Tikapaka mochindikala, a Gram negative amatsala ndi pepo. Mabakiteriya okalamba m'mbale nawonso amanamiza, chifukwa makoma awo ayamba kale kuwonongeka. Izi si nkhani ya malikisi okha. Mwana akabwera atauma khosi, madzi a mumsana akaonetsa timipira tiwiritiwiri ta pepo timaganizira Streptococcus pneumoniae, akaonetsa tiwiritiwiri ta pinki timaganizira Neisseria meningitidis. Yankho limeneli limatuluka ola lisanathe, pomwe kumeretsa bakiteriya m'mbale kumafuna tsiku kapena masiku awiri. Njira ya zaka zoposa 140 imeneyi ikugwirabe ntchito chifukwa ndi yotsika mtengo ndipo imafunsa funso loyenera: khomali ndi lamtundu wanji?

Khoma lopyapyala, mpanda wolimba

Munthu angaganize kuti wa khoma lopyapyala ndiye wosavuta kupha. Zili mosiyana. Peptidoglycan, ngakhale achindikale bwanji, ali ngati ukonde: amaletsa kuphulika koma saletsa mankhwala kudutsa. Nembanemba yakunja ya a Gram negative ndiyo mpanda weniweni. Zinthu zambiri zimalowa kudzera m'timakomo topapatiza totchedwa porin. Mankhwala a tizidutswa tikuluzikulu, monga vancomycin, sakwana pa timakomoti, n'chifukwa chake vancomycin amapha Staphylococcus koma E. coli samukhudza. Pakati pa nembanemba ziwirizi pali kakhonde kotchedwa periplasm, ndipo m'menemo bakiteriya amatha kusungamo maenzayimu ophwanya mankhwala aliwonse omwe adutsa pakhomo.

Kunja kwenikweni kwa nembanembayi kwakutidwa ndi lipopolysaccharide, mwachidule LPS, yemwe ndi mafuta olumikizana ndi unyolo wa shuga. Muzu wake wa mafuta, lipid A, thupi lathu limaudziwa msanga ngati chizindikiro cha mdani. Ukakhala wochepa, thupi limatentha ndipo asilikali a m'thupi amadzuka, zomwe ndi zabwino. Ukachuluka m'magazi, thupi limadzivulaza lokha polimbana nawo: mitsempha imamasuka, kuthamanga kwa magazi kumatsika, impso zimafooka, ndipo wodwala angamwalire. Lipid A saonongeka ndi kuwiritsa wamba. Madzi angakhale opanda bakiteriya wamoyo ngakhale mmodzi koma n'kutenthetsabe thupi akalowa mumtsempha, chifukwa zidutswa za makoma zatsalamo. Opanga madzi a jakisoni amayezanso zimenezi padera.

Nsonga ya shuga ya LPS imatchedwa O antigen, ndipo imasiyanasiyana ngakhale pakati pa mabakiteriya a mtundu umodzi. Chilembo O chomwe timachiona pa mayina ngati Vibrio cholerae O1 chikunena za nsonga imeneyi. Mwa mitundu yoposa 200 ya Vibrio cholerae, iwiri yokha, O1 ndi O139, ndiyo imayambitsa miliri. Kolera yemwe adagwa m'Malawi mu 2022 ndi 2023, n'kupha anthu oposa 1,700, adali wa O1.

Misozi ndi chuku

Thupi lathu lili ndi chida chake chogumulira khoma. Mu 1922 Alexander Fleming, wa pa chipatala cha St Mary's ku London, adalengeza za enzayimu yomwe adaitcha lysozyme. Imapezeka m'misozi, m'malovu, m'mamina, mu mkaka wa m'mawere ndi m'choyera cha dzira. Ntchito yake ndi kudula pakati pa NAM ndi NAG, kapena kuti kuthyola bango lenilenilo. Imagwira bwino pa a Gram positive, omwe khoma lawo lili poyera.

Mu 1928 Fleming yemweyo adaona kuti chuku cha mtundu wa Penicillium chomwe chidamera m'mbale yake chidapha Staphylococcus wozungulira pamalopo. Howard Florey ndi Ernst Chain ku Oxford ndi omwe adasandutsa zimenezi mankhwala enieni kuyambira 1940, ndipo atatuwa adalandira mphotho ya Nobel mu 1945. Momwe penisilini amaphera zidamveka bwino mu 1965, pomwe Donald Tipper ndi Jack Strominger adafotokoza kuti kaonekedwe kake kamafanana ndi ma D-alanine awiri aja a kumapeto kwa kamchira. Enzayimu yosoka imanyengedwa, imamugwira poyesa ndi chingwe, ndipo kamkombero ka penisilini kotchedwa beta-lactam kamatseguka n'kumatirira pa enzayimuyo osachokanso. Odula akupitiriza kudula, wosoka wamangidwa manja, madzi akukankha. Bakiteriya amaphulika.

Mfundo zitatu zikutuluka pamenepa. Penisilini ndi abale ake, amoxicillin, cloxacillin ndi ceftriaxone, sawononga maselo athu chifukwa ife tilibe peptidoglycan, ngakhale kuti anthu ena matupi awo sagwirizana nawo ndipo ayenera kuuza adokotala. Amapha makamaka bakiteriya amene akukula, pakuti amene wangokhala sakusoka kanthu. Ndipo sangachite chilichonse pa kachilombo kopanda khoma. Mycoplasma pneumoniae, yemwe amayambitsa mtundu wina wa chibayo, ndi bakiteriya ndithu koma alibe khoma, choncho amafuna mankhwala ena. Mavairasi a chimfine si maselo n'komwe. Kachilombo ka malungo si bakiteriya. Womwa amoxicillin chifukwa cha chimfine akuponya mwala pomwe palibe mbalame.

Koma mwalawo sugwa pachabe. Umagwera mabakiteriya a m'matumbo, pakhungu ndi pammero, omwe ambiri mwa iwo sativuta. Ofooka amafa, opirira amatsala ndi malo onse. Ndipo njira zopiririra zilipo kale. Mu 1940, penisilini asanafike n'komwe m'zipatala, Edward Abraham ndi Chain adapeza enzayimu ya bakiteriya yodula kamkombero ka beta-lactam. N'chifukwa chake amoxicillin wina amabwera wosakaniza ndi clavulanic acid, yemwe ntchito yake ndi kutsekereza enzayimu yodulayo. Staphylococcus aureus wina adapeza wosoka watsopano yemwe penisilini samugwira bwino, ndipo ameneyu ndiye MRSA, yemwe adadziwika koyamba ku Britain mu 1961. Ena adasintha D-alanine womaliza n'kuikapo D-lactate, ndipo vancomycin amasowa pogwira. Choopsa n'chakuti mabakiteriya amapatsirana malangizo opangira zida zimenezi ngakhale asali a mtundu umodzi.

Izi si za kutali. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wa zaka za 1998 mpaka 2016, adaonetsa kuti pofika kumapeto kwa nyengoyo pafupifupi 9 mwa Klebsiella 10 aliwonse, ndi pafupifupi 3 mwa E. coli 10 aliwonse, adali ndi maenzayimu ophwanya mankhwala a gulu la ceftriaxone. Ceftriaxone ndi jakisoni yemwe zipatala zathu zimadalira kwambiri munthu akadwalika. Pomwe iye walephera, mankhwala otsatira ndi okwera mtengo ndipo sapezeka paliponse. Ife tikuona kuti makapisozi ogula pa golosale, awiri lero awiri mawa, komanso otsala omwe timagawana m'mahositelo, ali ndi gawo lawo pa nkhani imeneyi, ngakhale si okhawo.

Khoma la phula

Tatsala ndi funso la miyezi isanu ndi umodzi. Mycobacterium tuberculosis, yemwe Robert Koch adamulengeza ku Berlin pa 24 March 1882, salowa bwino m'magulu awiri a Gram. Peptidoglycan ali naye, koma pamwamba pake palumikizidwa shuga wa nthambinthambi wotchedwa arabinogalactan, ndipo pamwamba pa shugayo paimikidwa mafuta ataliatali otchedwa mycolic acid, a makaboni 60 mpaka 90 pa unyolo umodzi. Mafuta ophikira ali ndi maunyolo a makaboni 16 kapena 18 okha. Zotsatira zake ndi chikuto chonga phula, chomwe madzi, utoto ndi mankhwala ambiri zimavutika kudutsa. Mbale wake, Mycobacterium leprae wa khate, adavalanso chimodzimodzi.

Poyeza makhololo timagwiritsa ntchito njira ya Ziehl-Neelsen. Utoto wofiira timaulowetsa mothandizidwa ndi kutentha, ndipo ukalowa ngakhale asidi wosakaniza ndi alikoholo sauchotsa. Timaona tindodo tofiira pakati pa zobiriwira ngati thambo. Ngakhale makina a GeneXpert, omwe amafufuza DNA, amayamba aswa khomali kuti afike pa chomwe akufuna.

Chikuto chimenechi chili ndi mtengo wake kwa mwini wake. Chakudya chimalowa pang'onopang'ono, ndipo kumanga mafuta ataliataliwo kumadya mphamvu zambiri. E. coli akapeza zabwino amagawikana mphindi 20 zilizonse, pomwe wa chifuwa chachikulu amatenga maola 15 mpaka 20. Kumumeretsa mu labotale kumafuna masabata. Koma kuchedwa komweko kumamuteteza. Amatha kukhala moyo m'kati mwa maselo oyera a magazi omwe adamumeza kuti amuphe, ndipo ena amangogona osakula, pomwe mankhwala ambiri amafuna bakiteriya wotanganidwa. Amoxicillin ndiye sathandiza n'komwe, chifukwa kuwonjezera pa phulalo bakiteriyayu ali ndi enzayimu yake yodula beta-lactam.

Mwa mankhwala anayi oyambira, awiri amalimbana ndi khoma. Isoniazid amaletsa kupanga mycolic acid, ethambutol amaletsa kumanga arabinogalactan. Rifampicin amagwira ntchito m'kati, pomwe bakiteriya amawerengera malangizo ake, ndipo pyrazinamide amathandiza kupha ogonagona aja. Miyezi iwiri yoyamba wodwala amamwa onse anayi, miyezi inayi yotsatira amapitiriza ndi isoniazid ndi rifampicin. Pakatha masabata ochepa chifuwa chimachepa, chilakolako cha chakudya chimabwerera, ndipo apa m'pamene ambiri amayesedwa kusiya. Amene afa ndi okula msanga. Ogona akadalipo, ndipo akadzuka mankhwala atasiyidwa, matenda amabwerera, nthawi zina ali osamvanso isoniazid ndi rifampicin. Amene tili ndi m'bale pa mankhwalawa, ntchito yathu yaikulu ili pa mwezi wachitatu ndi wachinayi, pomwe iye akudziona kuti wachira.

Khoma lomweli latipatsanso njira ina yopezera matendawa. Mwa zomangira zake muli mafuta a shuga otchedwa lipoarabinomannan, mwachidule LAM. Mwa munthu yemwe chitetezo chake chatsika kwambiri ndi HIV, bakiteriyayu amafalikira thupi lonse, ndipo LAM amatulukira mumkodzo. Odwala otere nthawi zambiri alibe mphamvu zotulutsira makhololo. Timadontho ta mkodzo pa kapepala koyezera timapereka yankho m'mphindi 25, pambali pa bedi pomwepo. Bungwe la World Health Organization lidavomereza njirayi mu 2015. Kafukufuku yemwe adachitikira pa chipatala chachikulu cha Zomba ndi cha Edendale ku South Africa, wofalitsidwa mu 2018, adapeza kuti kuyeza mkodzo wa odwala HIV ogonekedwa kudathandiza kupeza ambiri a chifuwa chachikulu, ndipo pakati pa odwalitsitsa imfa zidachepa. Kapepalako kakapanda kuonetsa kanthu sizitanthauza kuti matendawa palibe, choncho makhololo amayezedwabe ngati wodwala angathe kuwatulutsa.